MTUNDU WOPANDA MFUMU: ULAMULIRO WA MISINKHU PAKATI PA AMASAI

Munthu wokulira m'dziko muno akamva za ulamuliro wa makolo, maganizo ake athamangira kwa mfumu. Aona nyakwawa pabwalo, nduna zake zitaizinga. Aona mfumu yaikulu pamwamba pa nyakwawa zonse. Adziwanso kuti mfumu ikagona ufumu sugona, koma ulowedwa ndi wina wa mbumba yomweyo kapena wa nyumba yomweyo. Angerezi amene anafika kum'mawa kwa Afrika cha m'ma 1890 anali ndi maganizo omwewo, pakuti kwao anasiya Mfumukazi Victoria ili pampando. Koma m'zidikha za maiko amene lero ndi Kenya ndi Tanzania anapeza mitundu ya abusa a ng'ombe imene inali ndi malamulo, milandu, nkhondo ndi mapangano a mtendere, koma yopanda mfumu ndi imodzi yomwe. Otchuka mwa mitunduyo ndiwo Amasai. Mphamvu zimene kwina zikhala m'manja mwa mfumu, iwo anazigawa monga mwa misinkhu ya amuna. Ndipo mmene Boma la Angerezi linachitira ndi chinthu ichi zinathandiza kuti Amasai ataye theka la dziko lao, kapena koposa apo, pa zaka zosafika 10.

MMENE GULU LIBADWIRA

Amasai alankhula chinenero chotchedwa Maa, ndipo agawika m'zigawo, chilichonse ndi dziko lake la msipu ndi madzi ake: Purko, Kisongo, Loita, Keekonyokie, Matapato, Kaputiei ndi zina. M'chigawo chilichonse mwamuna aliyense ali ndi gulu la msinkhu wake, limene alowamo akali mnyamata nakhalamo kufikira imfa. Salisankha, sangatulukemo, ndipo chuma sichingamkwezere ku gulu lina. Gulu latsopano litsegulidwa pakapita zaka ngati 15. Anyamata amene afika pa msinkhu wa mdulidwe asonkhana pa mwambo wa enkipaata. Pambuyo pake adulidwa, nasanduka ilmurran, amene Azungu anawalemba kuti moran, ndiwo anyamata a mkondo. Kawirikawiri gulu limodzi lidulidwa m'magawo awiri, la dzanja lamanja limene litsogola, ndi la dzanja lamanzere limene litsata patapita zaka zingapo.

Amene adziwa za jando kapena za kudambwe amvetsa msanga ubale wa anthu ovinidwa pamodzi. Koma kuno mnyamata akatuluka kutsimba abwerera kwa amake ndi kwa mfumu yake, ndipo ubale wa kutsimba utsala ubale chabe. Kwa Amasai gulu lomwelo ndilo likhala boma la munthu.

Ilmurran ankamangiridwa mudzi waowao wotchedwa emanyata, ndipo omanga anali amai ao, amene ankapita kukakhala nao komweko. M'mudzimo munali malamulo amene mlendo angawayese a chibwana. Mnyamata wa mkondo samwa mkaka ali yekha, koma pakhale mnzake wa gulu. Sadya nyama imene mkazi wokwatiwa waiona, motero nyama akadyera kuthengo pamodzi ndi anzake. Tsono taganizani za mwana wa munthu wa ng'ombe 500 ndi mwana wa mmphawi wa ng'ombe 5. Wolemerayo sangakhute mkaka wa atate wake popanda kuitana mnzake, ndipo njala ya mmodzi ikhala njala ya onse. Patapita zaka zambiri za moyo wotere, mwamuna ankatuluka ali ndi abale m'mafuko onse a chigawo chake, anthu amene akafika pakhomo pao usiku sangamkanize pogona. Ntchito imene m'maiko ena igwiridwa ndi asilikali ndi apolisi inali yao: kulonda ziweto, kuzikusira kumsipu wakutali m'nyengo ya chilala, kupha mkango umene wazolowera makola, kunyamula mithenga, ndiponso kukalanda ng'ombe za mitundu ina, chinthu chimene Amasai sankachiyesa kuba, poti ankakhulupirira kuti Enkai, ndiye Mulungu, anapereka ng'ombe zonse kwa iwo.

Unyamatawo utha ndi mwambo wa eunoto, pamene amai ameta tsitsi lalitali la ana ao, lija ankalipaka dothi lofiira ndi mafuta. Pamenepo asankhidwa olotuno, munthu wopanda chilema m'thupi ndi wosakhetsapo mwazi wa munthu, amene akhala ngati tate wa gulu pa za miyambo; ndipo njira ya ukwati iyamba kutseguka. Mwambo wotsiriza ndiwo olng'esherr, wa kudya nyama, pamene a dzanja lamanja ndi a dzanja lamanzere aphatikizidwa kukhala gulu limodzi, nalandira dzina limene lidzakhala lao nthawi zonse, nayamba kuwerengedwa akulu. Maina amenewa ndiwo anali kalendala ya mtundu: nkhondo, chilala kapena mliri zinkakumbukidwa potchula gulu limene linali ndi mikondo m'masikuwo. Chodabwitsa nchakuti zigawo zonse, zimene zinalibe likulu limodzi ndiponso nthawi zina zinkathirana nkhondo, zinkayendera nthawi imodzi. A Keekonyokie kumpoto ndiwo ankatsegula nyengo ya gulu latsopano ndi mwambo wogwira nyanga ya ng'ombe, ndipo a Kisongo kum'mwera ndiwo ankaitseka ndi olng'esherr wao. Ena onse ankadikira zizindikiro ziwirizi.

AKULU OYATSA MOTO

Munthu wa Boma angafunse kuti: nanga anyamata mazanamazana a mikondo, ogona m'mudzi waowao kutali ndi atate ao, ankawaletsa ndani kulanda dziko? Yankho lagona pa kamtengo kopekesera moto, kamene Amasai akatcha olpiron. Gulu latsopano silidziyambitsa lokha. Akulu ena ndiwo apekesa moto umene ulibadwitsa, ndipo kuyambira tsiku limenelo akuluwo akhala eni ake a gululo: alilangiza, alidzudzula, alilipitsa ng'ombe likalakwa, ndipo ndiwo avomereza kuti nthawi ya eunoto yakwana. Chida chao chachikulu ndi temberero. Mwamuna wa Chimasai akhoza kulimbana ndi mkango, koma temberero la mkulu amene anamyatsira moto aliopa koposa, pakuti akhulupirira kuti ligwera munthu, ana ake ndi ng'ombe zake. Mwambi wa kuno uti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Kwa Amasai akulu omwewo ndiwo auyatsa, ndiwonso auzima.

Nzeru yake ili pa kasankhidwe ka akulu amenewa. Sachokera ku gulu loyandikana nalo, koma ku gulu lachiwiri pamwamba pake, anthu oposa anyamatawo ndi zaka ngati 30. Chifukwa chake nchomveka. Gulu loyandikana ndi lija langotula kumene mikondo, ndipo silitula mokondwa: lichita nsanje ndi olowa m'malo mwake, lilimbana nao pa za ulemu, pa za asungwana, pa za magule ndi zovala zimene ziloledwa kwa ilmurran okha. Kupatsa anthu otere ulamuliro pa opikisana nao kukanakhala kusungitsa mbuzi kwa fisi. Motero magulu alumphana. Loyamba lisamala lachitatu, lachiwiri lisamala lachinai, ndipo m'dziko mukhala mizere iwiri ya magulu ogwirizana, wina kupenyetsetsa unzake. Paul Spencer, amene anakhala pakati pa Asamburu, abale a Amasai, ndi pambuyo pake pakati pa a Matapato, anafotokoza mpikisano umenewu m'mabuku ake a 1965 ndi 1988. Mzere umene ana ake ali ndi mikondo ndiwo umveka kwambiri pabwalo. Koma udziwa kuti zaka 15 zikatha nthawi idzakhala ya mzere winawo, ndipo chimene wachitira anzake lero chidzabwezedwa. Panalibe chisankho, panalibe voti, koma panalibenso munthu kapena banja lokhoza kukakamira pampando, pakuti wochotsa anthu paudindo unali ukalamba.

Gulu lililonse m'chigawo chilichonse lili ndi wolilankhulira, olaiguenani, amene asankhidwa akali mnyamata chifukwa cha kufatsa, kudziwa kuyala nkhani ndi kusakondera, napatsidwa chibonga chakuda monga chizindikiro cha udindo wake. Ntchito yake yeniyeni ndi ya pabwalo, pa msonkhano wotchedwa enkiguena. Kumeneko amuna akhala pansi pamthunzi, wofuna kulankhula aimirira, ndipo nkhani ya chitsime, ya msipu wosungira chilimwe, ya ng'ombe zobedwa kapena ya munthu wophedwa izungulira kufikira otsutsa atatha mau. Olaiguenani amvetsera, kenaka aomba mkota, kunena chimene anthu agwirizana. Akanena chimene sanagwirizane, mau ake agwa pansi, pakuti alibe msilikali kapena ndende yowakakamizira. Udindowo sulowedwa ndi mwana wake, ndipo mphamvu yake ikula ndi kuchepa pamodzi ndi gulu lake.

Panalinso munthu wina, ndipo pa iyeyu mpamene Angerezi anapunthwa. Ndiye oloiboni, amene m'makalata a Boma alembedwa laibon: mlosi ndi sing'anga, woombeza ndi timiyala, wochokera ku banja limodzi lotchedwa Inkidong'i. Ilmurran asanapite kunkhondo ankatumiza nthumwi kwa iye kukatenga mankhwala ndi chilolezo, ndipo pobwera ankampatsa gawo la ng'ombe. Miyambo yaikulu ya magulu inkafunanso dalitso lake. Oloiboni wamphamvu, monga Mbatiany amene anathandiza kugwirizanitsa Purko ndi Kisongo pogonjetsa Alaikipiak m'zaka za m'ma 1870, ankamveka m'dziko lonse. Koma sankaweruza milandu, sankagawa msipu, ndipo dziko silinali lake kuti alipereke kwa munthu.

Asayese wina kuti ulamuliro umenewu unkakomera onse. Akazi analibe magulu aoao. Mkazi ankawerengedwa ku gulu la mwamuna wake, ndipo pa enkiguena analibe malo, ngakhale iye ndiye womanga nyumba ndi wokama ng'ombe. Anyamata naonso ankalipira mtengo wake. Pamene iwo ankavina ndi kutamandidwa ku emanyata, osaloledwa kukwatira, akulu ndiwo ankatenga asungwana a msinkhu wa anyamatawo, wina awiri, wina atatu, ng'ombe zonse zili m'manja mwao. Ulemerero wa mkondo unali malipiro a kudikira. Spencer anautcha ulamuliro wa nkhalamba, ndipo sanalakwe. Chotonthoza mnyamata chinali chakuti tsiku lake lidzafika ndithu, malinga akhale ndi moyo.

Kugawa amuna m'magulu otere si kwa Amasai okha, ndipo sikubala zipatso zofanana ponseponse. Aborana a kum'mwera kwa Ethiopia, amene ali nthambi ya Aoromo, ali ndi dongosolo la gadaa, m'mene munthu alowa gulu potsata la atate wake, ndipo gulu lolamulira, pamodzi ndi mtsogoleri wake Abbaa Gadaa, litula udindo pakapita zaka 8, malamulo nkuunikidwanso pa msonkhano waukulu wa Gumi Gayo. Kumeneko mpando ulipo, koma ngwobwereka. Kwa Azulu zinapita kwina. Shaka anatenga magulu a misinkhu, amabutho, nawasandutsa asilikali a mfumu, ogona m'midzi ya mfumu, osakwatira kufikira mfumu italola. Ndipo Angoni a Zwangendaba, amene anaoloka Zambezi mu 1835, anafika nalo dongosolo lotere m'dziko muno. Chida chimene kwa Azulu ndi Angoni chinakuza mfumu, kwa Amasai chinachititsa kuti mfumu isafunike.

MMENE MLOSI ANASANDUKIRA MFUMU

Angerezi anawapeza Amasai pa nthawi yoipa. Matenda a m'mapapo anagwira ng'ombe m'zaka za m'ma 1880. Mliri wa rinderpest unatsata cha mu 1891 nupulula makola. Nthomba ndi njala zinatsiriza anthu ambirimbiri. Amasai eni ake azitcha zaka zimenezo emutai, ndiko kunena kutha psiti. Mbatiany anamwalira cha mu 1890, ndipo ana ake awiri, Olonana ndi Senteu, anayamba kulimbirana udindo wa atate ao, zigawo nkumathirana nkhondo pambuyo pao. Olonana, amene Azungu anamlemba Lenana, anaona kuti chipulumutso chake chili kwa alendo a mfuti, napalana nao ubwenzi. Ilmurran anathandiza Angerezi pa nkhondo zao zolanga mitundu ina, nalandira ng'ombe zolanda zodzaziranso makola; njanji yochokera ku Mombasa, imene inafika ku Nairobi mu 1899 ndi ku nyanja ya Victoria mu 1901, inadutsa m'dziko la Amasai popanda nkhondo. Senteu anagonja mu 1902. Boma, pofuna munthu mmodzi wolankhula naye, linayesa Olonana mfumu yaikulu ya Amasai onse ndi kumpatsa malipiro.

Kulakwa kumeneku kunakomera mbali zonse ziwiri. Olonana anapeza mpando umene atate wake sanaukhalepo. Boma linapeza chala chodinda pa pepala. Ndipo nkovuta kunena kuti kunali kusadziwa chabe, pakuti A. C. Hollis, amene ankagwira ntchito m'Boma lomwelo, anasindikiza mu 1905 buku la chinenero ndi miyambo ya Amasai lofotokozanso za magulu a misinkhu. Kwa Anandi, oyandikana ndi Amasai, amenenso anali ndi magulu a misinkhu ndi mlosi wao, Boma linaona mutu wa mtundu pa munthu yemweyo, koma linachita naye mwina: Koitalel arap Samoei, amene anatsogolera anthu ake kukana alendo, anaomberedwa ndi Richard Meinertzhagen mu October 1905 pa msonkhano umene anamuitanira kukakamba za mtendere.

Pangano loyamba ndi Amasai linalembedwa mu August 1904, Sir Donald Stewart ali mkulu wa dziko. Azungu olima ndi oweta ankafuna msipu wa m'chigwa cha Rift Valley, wa ku Naivasha ndi Nakuru. Amasai anavomera kuchokamo ndi kukhala m'madera awiri, lina kumpoto ku Laikipia, lina kum'mwera kwa njanji, ndi msewu wolumikiza madera awiriwo. Ndipo Boma linalonjeza kuti panganolo lidzakhala nthawi yonse imene mtundu wa Amasai udzakhalapo. Mwa zolembedwa m'panganomo munalinso malo pa mapiri a Kinangop ochitirapo miyambo ya magulu. Anthu amene ankataya msipu wao wabwino koposa anakumbukira kusunga bwalo la miyambo, pakuti popanda ilo gulu silikanakwera, akulu atsopano sakanapezeka, ndipo boma lao likanaima.

Lonjezo la muyaya linakhala zaka 7. Msewu uja unatsekedwa msanga chifukwa cha malamulo a matenda a ng'ombe. Ziweto za ku Laikipia zinaswana. Azungu anayamba kulisirira dzikolo. Olonana, amene ankakhala ku Ngong kum'mwera, anaona kuti a Purko a kumpoto akumpulumuka m'manja, motero anakondwera ndi maganizo a Bwanamkubwa Sir Percy Girouard osonkhanitsa Amasai onse kum'mwera. Womtsutsa wamkulu anali olaiguenani wa Purko, Parsaloi Ole Gilisho, amene makalata a Boma amlemba Legalishu. Iyeyu ankanena zimene anthu ake ankanena pabwalo: kuti dziko la kum'mwera nlouma, madzi ake ngochepa, ndipo muli matenda opha ng'ombe. Olonana anamwalira mu March 1911, ndipo akuluakulu a Boma analengeza kuti mau ake otsiriza anali akuti anthu asamukire kum'mwera. Mwezi wotsatira pangano lachiwiri linadindidwa. Mwa odinda munali Seggi, mwana wa Olonana, amene anali akali mnyamata wamng'ono, ndiponso Ole Gilisho mwini wake, atapanikizidwa. Ulendo woyamba, wodzera m'mapiri ozizira a Mau mu 1911, unasokonekera, anthu ndi ziweto nkufera panjira. Koma pofika 1913 kusamukako kunali kutatha.

Mzungu amene anaulula zimenezi ku Britain anali dokotala wa Boma, Norman Leys. Mau ake anafika kwa phungu Ramsay MacDonald, amene anafunsa za nkhaniyi m'Nyumba ya Malamulo ku London. Girouard anatula udindo mu 1912 zitadziwika kuti anali atalonjeza kale Azungu malo a ku Laikipia osauza akuluakulu ake. Koma Leys nayenso analangidwa pomsamutsira ku Nyasaland mu 1913, ndipo nkhaniyi anailemba m'buku lake la 1924 lotchedwa Kenya.

MLANDU WA KU MOMBASA

Chimene Amasai a kumpoto anachita pamenepo palibe anachiyembekeza. Anthu amene Azungu ankawaopa chifukwa cha mikondo anagulitsa ng'ombe, nalemba loya wa ku Mombasa, Alexander Morrison, nasumira Boma m'khoti la Boma lomwelo. Ole Gilisho ndiye anali kumbuyo kwa zonse, ngakhale dzina lotsogola pa mlanduwo linali la Murket Ole Nchoko, lolembedwa Ol le Njogo. Mwa mfundo zao munali yakuti odinda pangano la 1911 analibe mphamvu yomanga mtundu wonse. Monga mwa mwambo wa Chimasai mfundoyi inali yoona. Mlosi analibe dziko. Mwana wake sanafike nkomwe pa msinkhu wolankhula pabwalo. Ndipo olaiguenani wodinda zimene anthu ake anazikana anali kulankhula yekha.

Woweruza Hamilton anapereka chigamulo mu May 1913. Anati mapangano awiriwo sanali a pakati pa anthu wamba, koma a pakati pa maboma awiri, Mfumu ya ku Britain ndi mtundu wa Amasai, ndipo khoti lilibe mphamvu pa mapangano otere. Apilo inakanidwa mu December chaka chomwecho. Apa mpamene nkhaniyi iwawira. Anthu amene ankakhoma msonkho kwa Boma, namangidwa ndi apolisi ake, nasamutsidwa molamulidwa ndi akuluakulu ake, anauzidwa kuti ndiwo mtundu wodzilamulira, wokhala ndi mafumu okhoza kupangana ndi mfumu inzao. Ndipo ufumu umene Boma linaupeka lokha ndiwo unathandiza kutseka chitseko cha khoti.

Litatha za malo, Boma linatembenukira ilmurran. Nkhondo zolanda ng'ombe zinali zitaletsedwa, ndipo anyamatawo ankaoneka ngati malova oopsa. Rupert Hemsted, amene ankayang'anira dera la Amasai m'zaka zotsatira kusamukako, anayesa kufupikitsa unyamata, kupasula midzi ya ilmurran ndi kufulumizitsa eunoto, modalira akulu amene Boma linawapatsa udindo ndi malipiro. Mu 1918 ilmurran a Purko anakana kulembedwa usilikali, asilikali a Boma nkuombera anthu ku Ololulunga; mu 1935 anaukira Bwana D.C. wa ku Narok atawakakamiza kugwira ntchito ya msewu. Chovuta chinali chakuti mkulu wolandira malipiro a Boma, ngati sindiye anayatsa moto wa anyamatawo, temberero lake silinkaopsa munthu. Pamene akulu a olpiron, akasanduka amithenga a Bwana D.C., ankataya ulemu umene unali mphamvu yao yonse.

Zimene Hemsted analephera zinachitidwa pang'onopang'ono ndi sukulu, misika ndi kaundula wa malo. Pa msonkhano wa Lancaster House mu 1962 nthumwi za Amasai zinapempha kuti Angerezi pochoka abweze dziko limene anatenga, pempholo silinamveke. Lamulo la Kenya la 1968 linaika msipu m'manja mwa makomiti a anthu olembedwa maina, ndipo pambuyo pake malo ambiri anadulidwa ndi kugawidwa kwa munthu payekhapayekha, kotero kuti nkhani zimene zinkathera pa enkiguena zinasamukira ku ofesi ya malo. Miyambo itatu ija, enkipaata, eunoto ndi olng'esherr, ichitikabe, ndipo andale a ku Narok ndi Kajiado sajombako. Koma unyamata wa zaka zambiri wafupika kwa ambiri kufikira masabata a tchuthi cha sukulu, ndipo mu 2018 bungwe la UNESCO linailemba miyamboyi pa mndandanda wa zofunika kutetezedwa msanga.

Mu August 2004, patatha zaka 100 chilembedwere pangano la Stewart, Amasai anachita zionetsero ku Nairobi, ena nalowetsa ng'ombe zao m'mafamu a ku Laikipia, ponena kuti dzikolo linabwerekedwa kwa zaka 99 ndipo nthawi yatha. M'pangano la 1904 mulibe mau a zaka 99. Limene lilimo ndi lonjezo lija lakuti lidzakhala nthawi yonse imene Amasai adzakhalapo. Boma la Kenya linakana zonena zao, apolisi anabalalitsa oguba ndi utsi wokhetsa misozi, ndipo ku Laikipia mkulu wina wa Chimasai anaomberedwa nafa.